Alamu anga ofufuta mapazi

Alamu anga ndimadana nawo, ndipo ndinene pachiyambi pomwe kuti pasadzapezeke wina wonena kuti ndinamubisira. Si chidani cha ndewu ayi, pa moyo wonse ndinawagwira malaya kamodzi kokha. Ndi chidani chija chimabwera ukamaona munthu tsiku ndi tsiku akuwononga chinthu chimene iwe umadyera, iye nkhope ili phee ngati akuthirira maluwa.

Ine ntchito yanga ndi yolondola mapazi a nyama. Ndimakhala pa kampando kamene anamangirira kutsogolo kwa galimoto, pamwamba pa boneti, maso ali pansi, ndipo ndikakweza dzanja dalaivala amaima. Alendo amene amabwera pa ndege ndi ana awo kudzaona mikango ndi njovu amaziona chifukwa choti ine ndawerenga dothi. Alamu anga ntchito yawo inali yofufuta zimene zalembedwa pa dothipo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tinagwira kampu imodzi, wina kuwerenga, wina kufufuta, mpaka m'mawa wina anafufuta mapazi a mwana wa alendo amene analowa kutchire yekha.

Alamuwo asanakwatire mlongo wanga, anali wosalaza simenti. Amisiri akamanga nyumba n'kuthira simenti pansi, amafuna munthu woti ayambe pakona yakutali n'kumasalaza akubwerera cham'mbuyo mpaka atulukire pakhomo, kuti asaponde pamene wasalaza kale. Imeneyo ndiye inali mphatso yawo yonse. Kuyala njerwa kunawakanika, padenga ankachita chizungulire. Mlongo wanga anawaona koyamba akutuluka cham'mbuyo m'nyumba ya aneba athu, ndiye kuti anayamba waona msana, nkhope anaiona pambuyo pake. Ndinkamuuza kuti akanayamba ndi nkhope bwenzi atapulumuka.

Kenako mawondo anawakana. Simenti imadya munthu wogwada, ndipo pofika chaka chimene mwana wawo wachitatu anabadwa, alamu ankadzuka pampando mogwira khoma. Amisiri anasiya kuwaitana. Mlongo wanga anabwera kwa ine maso ali psuu, kudzandikumbutsa kuti chibale ndi fupa. Ndinakagwada kwa abwana a kampu, ndinawatamanda alamuwo ndi mawu amene sindinanenepo ngakhale za ine mwini, ndipo anawalemba. Pa zonse zimene ndalakwitsa pa moyo wanga, ichi ndiye chimandipweteketsa mutu.

Kuti mumvetse ntchito imene anawalembayo muyenera kudziwa bodza limene kampu yathu imagulitsa. M'timabuku timene amatumiza kunja kukakopa alendo analembamo kuti kuno ndi kumalo kumene phazi la munthu silinapondeko. Chikhalirecho anthu tilipo makumi anayi: ophika, ochapa, operekera zakudya, okonza magalimoto, alonda, ndi wina wa mapaipi amene sanakonzepo paipi n'kutha mwezi isanadonthe. Tonsefe timayenda, ndipo tinjira ta pakati pa matenti ndi tamchenga. Mlendo amene wauluka tsiku lathunthu kuti adzakhale yekha ndi chilengedwe safuna kutsegula tenti m'mawa n'kupeza mapazi a patapata za wochapa ndi mzere wa wilibala ya zinyalala.

Ndiye panafunika munthu woti azitifufuta. Lamulo linali losavuta: mapazi a anthu, a wilibala ndi a matayala achoke, a nyama atsale. Kusesa kawiri pa tsiku, koyamba alendo asanadzuke, kachiwiri eyiti koloko akapita kukaona nyama. Lamulo lina linali lakuti wosesayo asaoneke, chifukwa mlendo akaona munthu wa tsache ndiye kuti bodza lonse lagwa. Ena tonse anatipatsa yunifolomu zokhala ndi mayina pachifuwa. Alamu anawapatsa ovolosi yofanana ndi dothi ndi tsache la nthambi zofewa, n'kuwauza kuti alendo akakhala pa kampu, iwo azikhala kuseri kwa khitchini, pafupi ndi thanki ya madzi.

Ntchitoyo inawakwana ngati anabadwa nayo. Ankayamba pa tenti yakumapeto n'kumabwerera, atawerama, tsache likuyenda uku ndi uku, kufufuta mapazi athu ndi awo omwe. Ophika anawapatsa dzina loti a Cham'mbuyo, iwo n'kumavomera ndithu akaitanidwa. Kampu yonse ankaidziwa ndi msana. Sanagundepo mtengo kapena kukodwa pa chingwe cha tenti akuyenda cham'mbuyo, koma akamayenda ngati anthu tonse ankatha kuphonya njira ya kuchimbudzi.

Tsono apa ndi pamene tinkayambanira, ngati n'zotheka kuyambana ndi munthu wosayankha. Mkango ukadutsa pa kampu anthu tili m'tulo, ine ndimafuna nkhani yonse: walowera kuti, waima pati, watulukira kuti, unali wokha kapena ndi ana. Koma mkango suyenda mosankha, umaponda pamene mlonda waponda. Alamu ankasesa zonse zosakanikiranazo n'kusiya mapazi awiri okongola kutsogolo kwa tenti yodyeramo kuti alendo ajambule. Ine pofika ndinkapeza mapazi awiri osachokera kulikonse, osapita kulikonse, ngati mkangowo nawonso unatsika pa ndege.

"Alamu, mkangowu wapita kuti?"

"Wapita, alamu."

"Ndikuona kuti wapita! Ndikuti kuti?"

Ankangoloza ndi mlomo, mochedwa, maso ali pa nsapato zanga. Munthu ameneyu sankayang'ana nkhope ya mnzake. Ukamayankhula nawo ankayang'ana mapazi ako, moti unkamva ngati akudikira kuti uchoke asese.

Chaka chawo choyamba anatsala pang'ono kuchotsedwa. M'mawa wina anauza wophika, mongocheza, kuti bambo wa mu tenti yachitatu anagona mu tenti yachisanu, poti mapazi anapita opanda nsapato ndipo anabwerera kukucha. Wophika uja mawu samugonera m'mimba. Pofika masana nkhani inali itafika kwa woperekera zakudya, woperekera zakudya anaseka pamalo olakwika, mayi wa mu tenti yachitatu anafunsa chimene chikuseketsa, ndipo banja limenelo linachoka pa ndege ziwiri. Abwana anafuna kuwathamangitsa alamu tsiku lomwelo. Ndinakagwadanso. Potuluka mu ofesi ndinawakokera kuseri.

"Alamu, mapazi a alendo sitiwerenga," ndinawauza. "Zimene mwaona pansi zizithera pansi pomwepo. Mukadzatsegulanso pakamwa pa za mlendo, ine ndemwe ndidzakunyamulitsani katundu."

Anagwedeza mutu movomereza. Mawu amenewo ndinanena, sindikukana. Koma munthu wamkulu wa ana atatu amayenera kudziwa yekha pamene lamulo limathera.

Iwo sankadziwa. Lamulo likalowa m'mutu mwawo linkauma momwemo. Abwana achiwiri, amene anabwera patapita zaka zingapo, anali munthu wochenjera mopusa. Mikango itasamukira kutali kwa mwezi wathunthu, anasemetsa phazi la mkango lamtengo, n'kumadinda nalo pa mchenga kusanache kuti alendo asadandaule. Alamu akabwera ndi tsache ankalifufuta. Abwana ankadindanso mawa lake, alamu ankafufutanso. Tsiku lachinayi anawaitana kuti afotokoze, ndipo iwo, maso ali pa nsapato za abwana, anangoti, "Limenelo ndi la munthu, bwana. A anthu munati achoke." Kukhitchini anaseka mlungu wonse, ena n'kumati a Cham'mbuyo ndi munthu wachilungamo. Ine sindinaseke. Ndinaona munthu amene mutu wake uli ndi njira imodzi yokha.

Zaka zinapita chonchi. Abwana anasintha katatu, matenti anagula atsopano kawiri, ana a alamu anakula n'kuyamba kubereka awo. Iwo ankangosesa. Sanapemphepo ntchito ina, sanakwerepo galimoto yokaona nyama ngakhale kamodzi, ndipo alendo masauzande anayenda pa mchenga wawo osadziwa kuti kuli munthu wotero. Antchito anzathu ankawapatsa ulemu wa mantha, poti ankadziwa kuti munthu ameneyu amaona amene wapita kuchipinda cha yani, ndi amene watuluka m'sitolo atalemedwa mbali imodzi. Tiyi wawo sankachedwa. Popita kutchuthi tinkakwera lole imodzi, ulendo wa tsiku lonse, ndipo mawu amene ankanditulutsira ulendo wonsewo anali akuti, "Tafika." Mlongo wanga ankati ndi kufatsa. Ine ndinkati ndi ulesi wa pakamwa.

Banja limene ndikunenali linabwera m'nyengo yotentha, mitsinje itauma. Bambo anali ndi kamera yaitali ngati munsi ndipo ankafuna kambuku, osati mawa, lero. Mwana wawo wamkulu ankangoyang'ana foni yopanda netiweki. Mayi ankadandaula mutu. Wamng'ono anali mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, wa nsapato zofiira, wofunsa mafunso osapuma.

Kampu yathu imalonjeza makolo kuti ana awo adzabwerera kwawo ali akatswiri a m'tchire. Ndiye madzulo ndimatenga ana a alendo n'kuwazungulitsa pabwalo kuwaonetsa mapazi, pamapeto pake abwana n'kuwapatsa kapepala kokhala ndi chidindo. Ntchito imeneyi ndimadana nayo. Zimene ine ndinaphunzira zaka makumi awiri, dzuwa likundiotcha pamsana, mwana wa eni azitenge pa ola limodzi akunyambita switi! Koma uyu ankamvetsera. Ndinamuonetsa mapazi a njiri, timapazi togawanika pakati ta mayi ndi ana ake amene ankakonda kudya udzu kuseri kwa matenti, ndipo ndinanena mawu amene ndimauza ana onse, akuti ukatsatira phazi umampeza mwini wake. Ndi mawu a pantchito basi. Ndawanena kwa ana mazanamazana ndipo palibe anapita.

M'mawa mwake tinanyamuka kukucha ndi bambo ndi wamkulu uja kukasaka kambuku. Mayi anatsala ndi mutu wawo, wamng'ono anatsala nawo. Itadutsa naini koloko, tili kutali, wayilesi ya m'galimoto inalira. Anali abwana: mayi adzuka, mwana mu tenti mulibe, ndipo sakudziwa kuti watuluka nthawi yanji. Kampu yathu ilibe mpanda, poti mpanda umawononga zithunzi.

Dalaivala anathamangitsa galimoto moti ndinachita kugwira kampando ndi manja onse awiri, koma mtima wanga unali m'malo. Mwana wa nsapato pa mchenga, ndinkati mphindi khumi zokha ndamupeza. Ndinadumpha galimoto isanaime, ndinathamangira ku tenti yawo, n'kuyang'ana pansi.

Panali mizere ya tsache yokhayokha, yoyalana bwino, kuyambira pakhomo pa tenti mpaka kumene maso amathera. Pamwamba pake panali mapazi a mayi amene anathamanga uku ndi uku akukuwa, a abwana, a operekera zakudya, a aliyense amene anatuluka kukafuna. La mwana panalibe ngakhale limodzi. Pafupi ndi mtengo panali mapazi anayi a gwape, atawasiya bwinobwino kuti alendo ajambule.

Ndinatukwana, ndipo ndinatukwana alamu anga pamodzi ndi mtundu wawo wonse. Zowafunsa sindinaganize n'komwe. Ungafunse chiyani kwa tsache?

Dzuwa linali litakwera kale. Mwana wopanda madzi pa kutentha kumene kuja sapirira tsiku, ndipo dzulo lake ndinali nditaona gulu la njati likutsikira chakumadzulo kwa kampu. Koma aliyense maso anali kumtsinje, kumene kunatsala dziwe limodzi la ng'ona. Mayi ankaloza komweko akulira, bambo ankalalatira abwana, abwana ankalalatira ine. Ndinatenga mlonda wa mfuti ndi anthu asanu n'kuyamba kutsikira kudziweko.

Podutsa kuseri kwa khitchini ndinawaona alamu ataima pa thanki, tsache lili m'manja. Anasuntha phazi limodzi kubwera kwa ine.

"Alamu," anatero, motsitsa.

"Chokani apa ndi tsache lanulo! Simunakhutire?"

Anabwerera pa thanki. Ndinamva pambuyo pake kuti anali atayesanso kwa abwana, ndipo abwana anangowakupiza ndi dzanja ngati ntchentche, poti bambo wa mwana anali pomwepo. Ena amati pamenepa ndiye kuti alamu alibe mlandu. Ine ndimati munthu amene akudziwa kumene mwana wapita sanena kuti "alamu" ngati akupempha mchere. Amakuwa, amagwetsa mapoto, amakugwira pakhosi mpaka umve.

Kudziwe tinataya maola awiri. Ndinazungulira matope onse ndikukwawa. Ndinapeza mapazi a nyani, a mbalame, a ng'ona imene inatuluka n'kubwereranso m'madzi, koma a nsapato ayi. Bambo anali kumbuyo kwanga, akufunsa mphindi iliyonse ngati ndaona kanthu. Kenako anasiya kufunsa, ndipo kukhala chete kwawoko kunandiopsa kuposa kulalata. Ndinachita mantha, ndinene zoona, mantha amene sindinachitepo ngakhale pamaso pa njovu. Ndili chogwada m'matopemo ndi pamene nzeru inandifikira, mochedwa ngati ya chitsiru: munthu amene amasiya phazi la gwape n'kufufuta la munthu amayenera kuyamba waliona phazilo.

Ndinathamanga kukwera mtunda. Ndinawapeza alamu pomwe paja, atakhala pa ndowa yovundikira.

"Mapazi a mwana munawaona?"

"Ndinawaona, alamu."

"Nthawi yanji?"

"Posesa kachiwiri. Anali atsopano, mchenga unali usanagwere m'mbali."

"Anali ndi munthu wamkulu?"

"Anali yekha. Amatsatira njiri."

Apa ndi pamene ndinawagwira ovolosi pachifuwa. "Ndiye munasesa? Munaona mwana akulowa kutchire yekha, inu n'kusesa, n'kudzakhala pa ndowa?"

"Ndimayesa abwerera. Ana amabwerera. Nditamva kukuwa ndinabwera kwa inu." Anayang'ana nsapato zanga. "Komanso munanena ndinu, alamu, kuti a alendo sitiwerenga."

Ndikanakhala ndi nthawi bwenzi nditawamenya. Ndinangoti, "Tiyeni, mukandionetse."

Anayenda patsogolo panga mpaka pa tenti ya banjalo, pamene panali anthu onse, alendo ena ataima ndi zakumwa zawo m'manja kuonerera. Apo anaima njo. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anapita masitepe atatu n'kubwerera, thukuta lili kamukamu. Munthu amene anasesa njira imeneyo zaka zonse zija sankaizindikira.

"Alamu, musandichititse manyazi," ndinanong'ona. "Kuti?"

"Chonchi sindikuiona," anatero. "Dikirani."

Anatembenuka n'kupereka msana kumene timafuna kupita, anawerama ngati ali ndi tsache, n'kuyamba kuyenda cham'mbuyo.

Chionetsero chimenecho sindidzachiiwala. Kutsogolo munthu wowerama akuyenda ndi msana, manja akusesa mphepo, maso ali pa mchenga wopanda kanthu. Womutsatira ine, katswiri wa kampu, amene chithunzi changa chili m'timabuku tija. Kenako mlonda wa mfuti, bambo, abwana. Bambo anafunsa kuti munthuyu ndi ndani, wachokera kuti, mutu wake ukuyenda bwino kapena ayi. Alamu ankangoyankhula okha: "Apa anaima. Apa anagwada, panali dzanja. Apa njiri zinathawa, iye anathamanga." Anazungulira kuseri kwa tenti yomaliza, analumpha chingwe osachiyang'ana, anapitirira mulu wa nkhuni, mpaka pamene mchenga umathera n'kuyamba udzu wouma. Kunali kumadzulo, mbali ya njati.

"Ine ndimalekezera pano," anatero. "Anapita apo, pakati pa mitengo iwiriyo."

Ndinawakankhira pambali. Kungodutsa mzere womaliza wa tsache, pa kadothi kofewa, panali phazi la nsapato yaing'ono.

Kuyambira pamenepo inali ntchito yanga, ndipo ndinaigwira. Dothi linali lolimba, mapazi ankaoneka apa ndi apo, koma udzu wothyoka ndi timiyala tosuntha zinkandiuza njira. Tinadutsa kakhwawa kouma. Tsidya lake ndinaona ndowe za njati zikadali zonyowa, ndipo ndinauza bambo kuti atseke pakamwa, asaitanenso dzina la mwana. Tinamva fungo lake, kenako tinaziona, misana yakuda pansi pa mitengo, mwina makumi atatu, pafupi poti mwala ukhoza kufika. Mapazi a mwana ankalunjika komweko.

Sanafikeko. Tisanayandikire njatizo panali chulu chachikulu chokhala ndi dzenje la njiri m'munsi mwake, ndipo iye anali atakhala pamthunzi wa chulucho, milomo itauma gwa, nkhope itafiira. Sanalire. Atandiona anandiuza ndi mawu osasa kuti njiri zalowa m'dzenjemo ndipo akudikira kuti zituluke. Ndinamunyamula, ndinamuphimba pakamwa ndi dzanja, tinabwerera pang'onopang'ono, mlonda maso ali pa njati. Titawoloka khwawa bambo anakhala pansi n'kulira mokweza.

Pa kampu anandikumbatira mayi, abwana, ngakhale wamkulu wa foni uja. Anaitana ndege kuti mwana akaonedwe kuchipatala. Isanafike, bambo atamwa madzi n'kubwerera m'nzeru, anandiitana pamaso pa abwana. Funso lawo linali limodzi: chifukwa chiyani katswiri wolondola mapazi anataya maola awiri kumtsinje, mwana ali mbali ina?

Abwana anandiyang'ana. Ndinkadziwa kuti yankho langa lichotsa munthu ntchito, ndipo anthu oti n'kuchoka tinali awiri. Ndikanatha kunena kuti anthu anapondaponda pofunafuna. Ndikanatha kunamizira mphepo. Ndinaganiza za mlongo wanga, ndithu ndinamuganiza. Kenako ndinaganiza za munthu atakhala pa ndowa, mwana akuyenda kulunjika njati.

"Mapazi anachita kufufutidwa," ndinatero. "Amene anafufuta ndi bambo aja amayenda cham'mbuyo aja. Anawaona, anasesa, sananene."

Sindinaname liwu ndi limodzi lomwe. Za pa thanki sanandifunse, ndipo abwana nawonso za dzanja lawo lija sanazitchule. Alamu anachoka m'mawa mwake pa lole yobweretsa katundu, osatsanzika munthu. M'malo mwawo analemba wina amene amasesa chilichonse, cha munthu ndi cha mkango chomwe, akuyenda chakutsogolo n'kumasiya mapazi ake pambuyo.

Amati khoswe wa pamkhate sapheka. Uyu ndinamupha, ndipo mkhate unaswekadi: mlongo wanga anasiya kuyankha foni yanga. Patapita miyezi isanu ndinapita kwawo, osati kukapepesa, koma poti mwana wawo wamkazi anali atabereka ndipo malume sangakhale osakaona. Mlongo wanga anandilandira pakhomo ndi mawu awiri, "Mwabwera, achimwene," n'kulowa m'nyumba osandipatsa mpando. Alamu anali pakhonde, mawondo atatupa, akumangirira chogwirira cha ndowa ndi waya. Anadzuka movutika n'kundipatsa mpando wawo, iwo n'kukhala pa sitepe.

"Nsapato zatsopano, alamu," anatero.

"Eya."

Ndinkadikira kuti andinene, andifunse chifukwa chake, ngakhale kunditukwana kumene, ndipo mayankho ndinali nditawakonza kale m'basi. Iwo ankangopota waya wawo. Kenako anafunsa osadzutsa mutu.

"Kamwana kaja phazi linapola?"

"Phazi lanji?"

"Lakumanzere. Kanaponda munga pa mulu wa nkhuni paja, unabowola nsapato. Kuchokera pamenepo kamapondera zala zokha, chidendene osafika pansi. Ndimati mwina n'chifukwa chake sikanapite patali."

Mapazi amenewo ndinawalondola kuchokera pa udzu mpaka pa chulu, mwanayo ndinamunyamula m'manja mwangamu mpaka pa kampu, ndipo sindinaone kanthu. Ndinkayesa anakhala pansi chifukwa cha njiri zake zija. Manyazi anandigwira, ndipo pamwamba pa manyaziwo panabwera mkwiyo woposa wa tsiku lija.

"Ndiye munaonanso kuti akutsimphina," ndinatero. "Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, yekha, wovulala, akulowa kutchire. Munaona zonsezo n'kusesa."

"Ndinasesa, alamu."

"Chifukwa chiyani?"

"Eyiti koloko inali itakwana."

Mlongo wanga anali ataima pakhomo ndi khanda m'manja. Analitembenuza kuti ndione nkhope, osandipatsa kuti ndilinyamule.

"Mwana mwamuona, achimwene," anatero. "Basi yobwerera imadutsa posachedwa."

Sindinawakhululukire alamu, ndipo sindikuona kuti ndidzatero. Kukampu alendo atsopano amamva za mwana amene ndinamupeza pafupi ndi njati. Abwana amandiitana kuti ndiisimbe nkhaniyo pa chakudya cha madzulo, ndipo ndimaisimba bwino, makolo n'kumakumbatira ana awo. Za mungawo sindinauzepo munthu.